Kuikiza Nsato

"Agogo, njokayi inabwera pandege ngati inu?"

Anafunsa ndi Becky, mdzukulu wa a Maclean Tchale, tsiku limene anapita naye ku zuu, mphuno ataikanikiza pagalasi. Anafunsa m'Chingerezi, monga amachitira ana obadwira kuno ku Ulaya, ndipo a Tchale anayankha m'Chichewa monga mwa nthawi zonse. Anamuuza kuti imeneyo mwina inaswedwa konkuno, koma makolo ake anabwera m'thumba. Iwo ankadziwa, chifukwa ali mnyamata ku Chikwawa ntchito yawo yoyamba inali yomanga matumbawo.

Ankagwira kwa mzungu wina amene ankagula njoka kwa anthu a m'mbali mwa dambo n'kumazitumiza ku mazuu a ku Ulaya. Nsato, mphiri, mamba. Malamulo a ntchitoyo sanawaiwale. Njoka yopita paulendo sipatsidwa chakudya, chifukwa ikakhuta imasanza m'njira n'kufera momwemo. Umaiviika m'madzi kuti imwe. Umaiika m'thumba la nsalu lochapa bwino, lotembenuza kuti ulusi wa msoko usaikole, kenako kupotokola kukamwa kwa thumba, kupinda, kumanga. Thumba limalowa m'bokosi la matabwa la zibowo, utuchi pansi. Ndipo kunja kwa bokosilo, mbali zonse, umalemba zilembo zikuluzikulu kuti muli njoka yamoyo, kuti wonyamula asaliponye, asalikhalire, asalisiye pamphepo. Achikulire a pantchitopo ankasimba za kale, mabokosi akuyenda panjanji mpaka ku Beira, kenako pasitima yapamadzi, pomwe ankawaunjika pafupi ndi injini kuti azimva kutentha. Zambiri zinkafa sitima ikangolowa m'nyanja zozizira. Zofika zamoyo zina zinkakana kudya miyezi ndi miyezi, mpaka ozisamalira ankachita kuzikankhira nyama kukhosi.

Becky anamvetsera pang'ono, kenako anati akufuna ayisikilimu.

Chaka chotsatira Jestina, mayi ake a Becky, anapeza ntchito ya unesi ku Australia. Anayesa kuti bambo ake atsagane nawo koma mapepala sanalole. Akazi awo a Tchale anali atamwalira kale. Anatsala okha m'kanyumba ka lendi ku Belgrave mumzinda wa Leicester, kamsewu kena kuseri kwa masitolo a golide, akugwirabe ntchito yawo yoyeretsa nyumba zimene alendi atulukamo.

Tsiku lina anapeza nsato kuntchito komweko, m'nyumba imene munkakhala ana a yunivesite. Magetsi anali atadulidwa kale. M'chipinda cha pamwamba, kuseri kwa matiresi, munali bokosi lagalasi, ndipo pakona pake panali kansato ka mtundu waung'ono uja azungu amaweta, katadzipinda ngati nkhata, kozizira ngati mpope wa m'mawa. Landilodi wa nyumbayo, atamuimbira, anati atulutse zonse, iye sakufuna kumva. A Tchale anavula nsalu ya pilo, kuitembenuza, kupotokola, kupinda, kumanga. Manja anachita okha. Anafika nayo kwawo ili pamimba, mkati mwa jekete.

Anaigulira bokosi lina lagalasi ndi hita ya pansi pake, yokhala ndi kanyali kofiira kosonyeza kuti ikugwira. Makoswe owumitsa ankagula kusitolo ya ziweto n'kumasunga mufiriji. Inakana kudya nyengo yonse yozizira, ndipo iwo sanaikakamize. Tsiku limene inadya, anaimbira Jestina, koma kumeneko anali pa shifiti.

Za nsatoyo zinadziwika kutchalitchi chifukwa cha chimfine. A Tchale atajomba Masabata angapo, mayi Maud a m'gulu la amayi anabwera kudzawazonda, atanyamula ndiwo m'kontena. Anatsegula firiji kuti aikemo, n'kupeza makoswe atandandalika pambali pa nandolo. Potembenuka anaona galasi m'chipinda. Kontena anaisiya pansi, chikwama anachita kubwerera kudzatenga.

Lamulungu lotsatira benchi ya a Tchale inali yawo yokha. Mawu anayenda kuti ali ndi njoka yolavula ndalama, kuti ndiyo inatumiza mwana ku Australia. Ena anawonjezera kuti ndiyo inatenga akazi awo. Anawachotsa m'gulupu ya pafoni. Abusa a Elisha anabwera, koma anaima pageti, ndipo anati chinthucho chiwotchedwe kaye kenako akambirane. A Tchale sanakwiye nawo anthuwo. Kwawo munthu sasunga njoka m'nyumba chifukwa choti ndi yokongola, ndipo iwonso akanamva za wina akanakhala ndi mafunso. Anangosiya kupita. M'mawa ankadzuka, kuwiritsa madzi a tiyi, kuipatsa moni nsatoyo mwaulemu, n'kupita kuntchito. Madzulo ankaiuza mmene kunja kwachera.

Kenako mtima unayamba kuvuta. Masitepe ankachita kupumira pakati. Dokotala anati pakufunika opaleshoni, ndipo anaika tsiku mu Januwale. Anati akagona m'chipatala sabata, mwina kupitirira, ndipo sanawabisire kuti pa msinkhu wawo ena sadzuka. A Tchale anagwedeza mutu. Chimene chinawabwerera m'maganizo si imfa ayi, koma nyumba. Ankadziwa bwino mmene zimayendera mlendi akapanda kubwerera. Choyamba kudulidwa ndi magetsi.

Anaimbira ku zuu. Kumeneko anati salandira ziweto za anthu, koma anawapatsa nambala ya mayi wina, Lorraine, amene amasunga njoka zosowa kokhala pafamu ina kunja kwa Derby. Lorraine analankhula mofulumira, agalu akuuwa kumbuyo kwake, ndipo anati abwere nayo Lachinayi masana. A Tchale mtima unakhala pansi. Kwawo munthu akamapita kutali amaikiza mbuzi zake kwa mnzake, akabwera n'kukatenga. Anamva kuti apeza koikiza.

Anasiya kuidyetsa. Anatola matabwa a paleti yosanjikapo katundu kuseri kwa sitolo ya ndiwo zamasamba, n'kukhoma bokosi pakhonde lakuseri, akupumira pakati. Anaboola zibowo. Lachinayi m'mawa anaiviika m'madzi ofunda m'beseni, kuiika m'thumba, n'kuika botolo lalabala la madzi otentha pambali, lokulunga m'thaulo. Pomaliza anatenga cholembera chofiira n'kulemba m'Chingerezi, pamwamba ndi mbali zonse zinayi, kuti muli njoka yamoyo.

Pa Belgrave Road panali chisanu choluma makutu. Basi yopita m'tauni itaima, dalaivala anayang'ana bokosi, kenako a Tchale.

"Abambo, muli chiyani umo?"

"Zalembedwa."

"Ndawerenga. Simungakwere nayo."

"Ndi yomanga bwino. Singatuluke."

"Pepani, sindingalole. Mukanangoiika m'chikwama sindikanadziwa, koma tsopano ndadziwa."

Basi yachiwiri dalaivala sanatsegule n'komwe chitseko mpaka a Tchale atabwerera m'mbuyo. Anthu a pasiteji anasunthira kumapeto ena. Mtsikana wina anajambula bokosilo pafoni. A Tchale anakhala pakabenchi kopendekeka ka pasitejipo, n'kupisa chala pachibowo. Kutentha kwa botolo kunali kukuchepa. Anavula jekete n'kufunditsa bokosi, iwo n'kutsala ndi juzi. Pachifuwa panayamba kuthina. Anaganiza zobwerera kunyumba, koma Lachinayi lina lisanafike adzakhala ali m'chipatala.

Galimoto yotuwa inaima pamalo a basi, galasi n'kutsika.

"Madala, jekete mwafunditsa katundu, nanga inu? Lowani."

A Tchale anacheuka kufuna amene walankhula Chichewa. M'galimotomo munali mmwenye wachikulire wa ndevu zoyera, amene ankakhala khomo loyandikana ndi lawo. Kwa zaka ndithu ankangopatsana moni wa Chingerezi potulutsa mabini a zinyalala.

"Ndine ndemwe, musafune wina. Nisar. Lowani msanga, basi ikubwera, andilipiritsa chindapusa."

A Tchale analowa, bokosi pamiyendo. Galimoto itayenda pang'ono anafunsa.

"Chichewa mwachitola kuti, a Nisar?"

"Kutola? Ndinabadwa nacho. Luchenza. Bambo anga anali ndi sitolo pafupi ndi siteshoni. Tinabwera kuno ndili ndi ndevu zoyamba, nthawi ija amwenye tinauzidwa kuti tichoke m'midzi."

"Nanga zaka zonsezi osanena?"

"Manyazi. Changa n'cha pasitolo, choyezera nsalu ndi kuthamangitsira ana pakhonde. Ndinkati mungaganize kuti mmwenye akufuna kukugulitsani kanthu." A Nisar anaseka pang'ono. "Komanso ndinaona kuti wocheza naye muli naye. Khoma lathu lija n'lopyapyala. M'mawa uliwonse, mwadzuka bwanji, mwagona bwanji, madzi anu awa. Ine n'kumati madala anapeza mkazi wabwino, sayankha."

Pa maloboti a Nisar anaponda buleki, jekete n'kutsetsereka. Anawerenga zilembo zofiira zija. Anawerenganso. Maloboti anasintha, wa kumbuyo n'kuliza huta.

"Mkazi uja ndi ameneyu," anatero a Tchale.

"Ikani kumbuyo." A Nisar anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. "Ayi, kumbuyo sindiziiona. Khalani nayo pomwepo. Iluma?"

"Ilibe ululu. Ndi yamantha kuposa inu."

"Simukundidziwa bwino. Mukupita nayo kuti?"

A Tchale anafotokoza za opaleshoni, za famu ya ku Derby, za madalaivala. Anati akawatsitsa kusiteshoni ya sitima zikhala bwino.

"Ndi zilembo zimenezo? Akuitanirani apolisi. Ndani anakuuzani kuti mulembe?"

"Bokosi la njoka limalembedwa. Ndi mmene tinkatumizira."

"Munkatumiza kuti?"

"Kuno."

A Nisar anawayang'ana kanthawi, kenako anakhotetsa galimoto kulowera msewu wotuluka mumzinda. "Ndayendetsa takisi moyo wanga wonse. Ndanyamula oledzera, ndanyamula mayi akubereka. Izi zinatsala. Hita ndikweze?"

"Kwezani. Mulozetse kumapazi."

Anadutsa minda yoyera ndi chisanu, nkhosa zitaima osadya. Kenako a Nisar anayamba okha, akuyang'ana kutsogolo. Akazi awo, a Shazia, anali obadwira ku Kampala, Chichewa sankachidziwa, ndipo anamwalira chaka cha mliri. Ana ali ku London, amaimba Lachisanu. Womaliza kulankhula nawo Chichewa anali mayi awo, amene atakalamba anaiwala Chingerezi chonse n'kutsala ndi Chigujarati ndi Chichewa chokalipira.

"Ndiye m'mawa ndikamamwa tiyi ndimakhala mbali ya khoma ija," anatero. "Musandiseke."

A Tchale sanaseke. Anapisanso chala pachibowo. Mkati munali mofunda.

Famuyo anaipeza kumapeto kwa kamsewu kamatope. Lorraine anali mayi wojintcha wa nsapato zajombo. Ataona bokosi anamwetulira, nati lotere analionapo pazithunzi zakale zokha. Anawalowetsa m'shedi yotentha, yonunkha utuchi wonyowa. M'makoma monse munali timadirowa tapulasitiki, kuchokera pansi mpaka kudenga, kalikonse ndi njoka yake. A Nisar anaima pakhomo, phazi limodzi panja.

Lorraine anamasula thumba, kuitulutsa nsatoyo, kuiyang'ana m'kamwa ndi kumimba. Anati ili bwino kwambiri. Anakoka kadirowa kopanda kanthu n'kunena kuti igona umu, mtundu umenewu umakonda malo amdima, opanikiza. A Tchale ankadziwa kuti akunena zoona.

"Ndiye ndikatuluka m'chipatala," anatero m'Chingerezi chawo chosamala, "ndiziimba kaye ndisanabwere kudzaitenga?"

Lorraine anasiya kumwetulira. Anati pepani, mwina pafoni sanamvane. Iwo sasungira anthu ziweto. Malo ndi ochepa, ndipo ofuna kusiya ndi ambiri. Njoka ikalowa pano ndi yawo, amaipezera mwini wina, nthawi zina kutali.

A Tchale Chingerezicho anachimva, koma anayang'anabe kwa a Nisar.

"Akuti uku si kuikiza, madala," anatero a Nisar chapansipansi. "N'kupereka."

Lorraine anawabwezera nsatoyo kuti aganize, iye n'kutuluka kukaletsa agalu. Inadzikulunga padzanja lawo, mutu n'kuulowetsa m'khwapa mwa juzi. A Tchale anayang'ana kadirowa kaja. Pano magetsi sadzadulidwa. Pano palibe amene adzabwere ndi parafini ndi machesi. Akaisiya, yapulumuka, kaya iwo adzuka kaya sadzuka. Ndipo madzulo ano akatsegula chitseko chawo, n'kulowa, n'kukhala okha. Akadzuka pa opaleshoni adzabwerera m'nyumba yomweyo. Anayesa kuganiza chimene angamanene m'mawa, ndi kwa ndani, osachipeza.

"Ndiisiya," anatero. "Ndi bwino kwa iyo."

Koma dzanja silinasunthe.

A Nisar anakhosomola. "Ndingofunsa, si kuti ndikulonjeza kanthu. Imafuna chiyani patsiku?"

"Madzi oyera. Ndi kuona kuti kanyali ka hita kakuyaka."

"Makoswe aja?"

"Ikhoza kudikira mpaka nditatuluka. Izi zimatha nthawi yaitali osadya."

"Kuigwira?"

"Ayi. Masana imabisala m'kaphanga kake. Mumangokankha galasi pang'ono, kutulutsa mbale, kubwezera."

"Pang'ono bwanji?"

A Tchale anasonyeza ndi dzanja linalo. A Nisar anayang'ana mpatawo ngati akuyeza nsalu.

"Nanga ndikapanda kudzuka?" anatero a Tchale. "Nkhani yagona pamenepo, a Nisar. Masiku a m'chipatala si vuto. Vuto ndi limenelo. Simungaimange m'thumba inu."

"Zimenezo ayi. Ngakhale mutandimenya."

Lorraine atabwerera, a Nisar ndi amene analankhula naye, Chingerezi cha pa takisi, chofulumira. Anamufunsa ngati zitavuta angabwere yekha ku Leicester kudzaitenga. Lorraine anayang'ana a Tchale, kenako nsato imene inali itabisa mutu. Anati kadirowa sangakasunge kopanda kanthu, mawa lomwe mulowa ina. Koma akadzaimbiridwa kuti mwini wake wamwalira, adzabwera, malo adzachita kufinya. Anadzaza botolo lija ndi madzi a m'ketulo yake osafunsidwa.

Pobwerera a Tchale anali ndi bokosi pamiyendo, nsato ili momwemo. Ankadziwa kuti asankha njira yoopsa kwa nsatoyo, ndipo asankha chifukwa cha iwo eni. Munthu amene anali pambali pawoyu m'mawa wa tsiku lomwelo anali wa moni wa pa bini. Akhoza kudwala, akhoza kuitanidwa ku London, akhoza kuima pakhomo mantha n'kumugwira. Anayang'ana kunja, minda ikudutsa, magalimoto akuluakulu akuwaza matope pagalasi.

Anafika ku Belgrave dzuwa likadalipo, lofooka, masitolo akuyamba kuyatsa magetsi. A Tchale anatsegula chitseko chawo n'kuima pambali. Chichokereni mayi Maud, munthu anali asanalowemo. A Nisar anavula nsapato pakhomo. Anaona mpando umodzi patebulo, kapu imodzi pasinki.

A Tchale anaibwezera nsatoyo m'galasi lake, n'kudikira mpaka italowa m'kaphanga. Kenako anati a Nisar ayese. Ulendo woyamba anakankha galasi n'kubweza dzanja asanafike pambale. Wachiwiri anaitulutsa, madzi theka n'kutayikira pa sokosi. Anatukwana m'Chigujarati, kupita kusinki, kutsuka mbale, kudzaza, kubwezera, kutseka galasi mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

"Musamenyetse," anatero a Tchale. "Imamva m'thupi."

"Nanenso ndikumva m'thupi."

Anawaonetsa pamene pali mita ya magetsi, ndi chochita kanyali kakazima. Anatenga kiyi wachiwiri, amene kale anali wa Jestina, n'kuwapatsa. A Nisar anamulowetsa pa mphete ya makiyi a galimoto, akulimbana naye ndi zikhadabo.

"Kuchipatala akufunani nthawi yanji?"

"M'mawa. Ndikwera basi."

"Basi yakukanani kale lero. Ndikuperekezani ine." Anavala nsapato, n'kuima pakhomo, mphepo ikulowa. "Mverani, madala. M'mawa uliwonse ndikachoka kumzikiti ndizilowa muno ndisanalowe kwanga. Madzi, kanyali. Zikavuta, ndiimbira mayi uja landilodi asanamve, ndipo ndikhala muno mpaka atafika. Magetsi sazima ine ndilipo."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza. Kuigwira kokha musandipemphe."

"Sindikupemphani," anatero a Tchale.